Kamfuti ka Pageti

Okondedwa omvera, ndikulemba kuchokera ku Wusakile kuno ku Kitwe. Atate anga anagwira ntchito mumgodi mpaka kupuma, ndipo amadwala bipi.

Korona itavuta, boma linalamula kuti aliyense wolowa pakiliniki aziyamba wayezedwa kutentha kwa thupi ndi kamakina kolozetsa pachipumi. Mukomboni anthu anakatcha kamfuti, amvekere kamaumitsa ubongo. Atate anakaniratu kupita. Mankhwala anatha, miyendo inatupa, mutu osawapatsa mtendere. Ndinalira, ndinakalipa, koma iwo anangoti, “Mwanawe, pansi pa nthaka ndinatulukako wamoyo. Ndikafere pageti?”

Tsiku lina kunabwera anesi amene ankayendera odwala osiya kutenga mankhwala. Kamfuti kaja kanali m’manja mwawo. Anayamba adzilozetsa okha, kenaka anagwada n’kunena mwaulemu wa kuno kuti, “Atate mukwai, chipumi chimene chinasenza nyali ya mumgodi zaka zonse zija, lero chiope kakuwala aka?”

Atate anaseka mpaka kutsokomola. Anavula chipewa okha.

Bipi inapezeka itakwera moopsa, moti tinathamangira nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Potuluka anawapatsa mankhwala a miyezi ingapo kuti asamavutike ndi mizere.

Boma linachedwa kutifotokozera za kamakina kaja, zimenezo ndinene. Koma linatitumizira munthu wodziwa kulankhula ndi bambo wachikulire wa mumgodi. Anesi inu, ngati mukumvetsera, atate ali panja pano akukonza njinga yawo.