Ada Anock Thole Sanali Mtchona

Malemu Ada Anock Thole, amene agona pakati pathupa, anabadwa pa 9 Meyi 1904, kumtunda kwa doko lino la Nkhata Bay. Tsikulo sitikulota ayi, linalembedwa m'chikuto cha Baibulo la bambo awo, ndipo Baibulolo lilipo. Abusa, akulu a mpingo, ndi inu nonse mwabwera kudzakhuza maliro ano, mutikhululukire, mbiriyi yachuluka madeti. Tachita dala. Kwa zaka khumi ndi ziwiri mudzi uno unkawatcha malemu kuti mtchona, munthu wotaya mkazi ndi ana n'kukazimirira kunja, ndipo ife a banja sitikufuna kuti dzina limenelo lilowe nawo m'manda. Chilichonse tinene pano chili ndi pepala lake.

Mu 1913 anayamba sukulu ya m'mudzi, n'kukapitiriza ku Bandawe mpaka Sitandade 4. Anatulukako akulemba Chitonga chooneka bwino, ndi Chingelezi chokwanira kukangana nacho ndi mzungu. Pa 13 Ogasiti 1927 anamanga ukwati woyera ndi Ama Mariam NyaMphande. Mulungu anawapatsa ana anayi: Morgan, amene anatisiya ali wakhanda, Rebecca, Millicent, ndi Susan.

Mu 1930 ananyamuka kupita kudziko la Halale, monga ankachitira amuna onse a m'mbali mwa nyanja ino. Anayamba ndi kutsuka mapoto m'hotela ku Bulawayo, kenako n'kukhala khukhi. Mu 1936 anatsikira ku Joni. M'khitchini momwemo ndi momwe anatengera khalidwe limene ambiri mukulikumbukira. Kumeneko mipeni imasowa, choncho khukhi aliyense amadula chizindikiro chake pa mpini. Chawo chinali mizere itatu. Akabwera kutchuthi ankaidula paliponse: pa nkhafi, pa mpini wa khasu, ngakhale pa mtondo wa Ama Mariam. Ankati chinthu chopanda chizindikiro chimakhala ndi eni ake ambiri. Mizere itatu imeneyi muisunge m'mutu, tibwererako.

Zaka zonsezo makalata awo ankabwera mwezi ndi mwezi pa keyala ya aphunzitsi a pasukulu yathu. Aphunzitsiwo ndiwo ankawawerengera Ama Mariam, poti iwo sanapite kusukulu, ndipo palibe kalata inasowapo. Mu 1945, malemu ali kuno kutchuthi chawo chomaliza, aphunzitsi aja anasamutsidwira ku Chintheche. Nthawi yomweyo mlamu wina wa malemu anali atatsegula sitolo kufupi ndi msika, ndipo anali ndi thumba lakelake la makalata ku positi. Mukudziwa mmene zimayendera. Mabanja opanda thumba amabwereka keyala ya sitolo. Sitima ikafika, mwini thumba amakalitenga, n'kukalitsegulira kuchipinda, kenako n'kutuluka pakhonde kudzaitana mayina. Wosadziwa kuwerenga amamuwerengera. Wosadziwa kulemba amamulembera yankho, n'kukaponya yekha. Wotsegula thumba yemweyo, wowerenga yemweyo, wolemba yankho yemweyo. Malemu, munthu wodula mizere pa mtondo, apa sanaike chizindikiro chilichonse, chifukwa ankati pa chibale sipafunika loko. Apa ndi pamene analakwitsa.

Mu Febuluwale 1946 anabwerera ku Joni, kusiya Ama Mariam ali ndi pakati pa Susan. Makalata awiri anafika. Mu Julayi sitima ija inamira panyanja, imene tonse tinalira nayo. Kuyambira pamenepo, zii. Ama Mariam ankapita pakhonde la sitolo tsiku lililonse la sitima, khanda kumsana, kumva mayina a anzawo akuitanidwa mpaka thumba kutha. Yankho linali lakuti, "Palibe, mlamu. Makalata anamira ndi sitima." Sitima inamira kamodzi, koma makalata a Ada Thole anapitiriza kumira chaka chonsecho ndi chinzake. Nkhani ya sitima itasukuluka panabwera zina: makalaliki a ku Limbe amatsegula maenvelopu, mvula inanyowetsa matumba, positi ya masiku ano njosadalirika. Pamapeto pake anawauza kuti, "Amuna akafika ku Joni amaiwala, mlamu. Kumeneko kuli akazi ovala nsapato." Ama Mariam ankalembetsa makalata awo pa khonde lomwelo, n'kuwasiya m'manja omwewo. Yankho silinabwere.

Tivomereze pamaso panu kuti tinatukwana anthu a ku positi zaka zambiri. Ama Mariam ankati akadutsa pakhomo pawo amayang'ana kumbali. Sitinalowemo ngakhale kamodzi kukafunsa, poti tinkati mkazi wopanda thumba alibe chonena mu ofesi ya Boma.

Mu 1948 Rebecca anasiyira sukulu mu Sitandade 3, kuti azithandiza mayi ake kuviika chinangwa ndi kugulitsa usipa pamsika. Mu 1951 akuluakulu a kuchimuna anakhala pansi n'kunena kuti munda wa malemu upatsidwe ena, mwini wake watchona, ndipo Ama Mariam abwerere kwawo kapena akwatiwenso. Munda unapitadi. Koma Ama Mariam sanachoke pakhomo. Anawayankha kuti munthu wodula chizindikiro ngakhale pa chipande sangataye mkazi ndi ana atatu. Ena munaseka tsiku limenelo, ndipo muli pano.

Tsopano mumve zimene zinkachitika tsidya linalo. Mu Ogasiti 1946 mzungu wa hotela imene malemu ankagwirako ntchito ku Joni anasamukira ku East London, mzinda wa kunyanja yamchere, kutali ndi Joni, kopanda munthu wa kwathu kuno. Anawatenga malemu. Malemu analemba kalata yonena keyala yawo yatsopano, ndipo kalatayo ife sitinaione. Koma yankho analandira. Linabwera m'dzina la Ama Mariam, m'Chitonga chabwino, lakuti kuno onse ali bwino, mwana wabadwa wamkazi. Iwo anapitiriza kulemba mwezi ndi mwezi. Makalata olemera, okhala ndi ndalama, ankawatumiza pa lejisitala, ndipo timapepala ta chidindo timene ankapatsidwa ku positi ya kumeneko ankatisunga m'chitini cha mabisiketi, pamodzi ndi mayankho onse.

Mu 1949 anagula makina osokera apamanja. Anawatembenuza, n'kudula mizere itatu kunsi kwa thabwa lake, n'kuwatumiza pa sitima ya pamtunda ndi ya pamadzi. Chikalata chokatengera katunduyo anachiika m'kalata, pa keyala ya sitolo. Yankho lili m'chitinimo, ndipo likuti: "Makina afika. Rebecca wamaliza Sitandade 6 ndipo akusoka bwino. Musafulumire kubwera, kuno kuli njala, gwirani ntchito." Tsiku limene kalata imeneyi inkalembedwa, Rebecca anali m'madzi kuvuula chinangwa. Chaka chilichonse malemu akanena kuti akufuna kubwera, yankho limakhala ndi chifukwa chodikirira: njala, matenda m'mudzi, njira yaipa, bwerani chaka chamawa. Iwo ankamvera, poganiza kuti ndi mawu a mkazi wawo.

Chakumapeto kwa 1957 miyendo inayamba kutupa, mpweya n'kumaperewera. Kuima pa moto kunawakanika, ntchito inatha. Analemba kuti akubwera. Yankho linati adikire mvula ithe. Ulendo uno sanamvere.

Pa 6 Malichi 1958 anatsika sitima padoko pano, popanda wowachingamira. Mayi wina anathamangira kumsika kukauza Ama Mariam kuti pali nkhalamba yakhala pa sutikesi, ikufunsa nyumba ya telala Rebecca Thole. Ama Mariam anasiya lichero la usipa pomwepo. Anawapeza atavula nsapato chifukwa cha kutupa. Sanakumbatirane. Aliyense ankayembekeza kuti mnzake ayambe: wina kupepesa, wina kuthokoza. Atafika kunyumba malemu anatsegula sutikesi, n'kutulutsa nsalu yoyera ya mizere yabuluu, n'kumupatsa Rebecca. Anati, "Undisokere malaya pa makina ako aja, ndione dzanja lako." Rebecca anafunsa kuti, "Makina ati, Ada?" Malemu anati awapatsire chitini chija.

Lolemba lotsatira Rebecca anatenga timapepala ta chidindo kupita nato ku positi, mwana kumsana. Kalaliki sanamuthamangitse. Anamupatsa benchi, n'kutsitsa mabuku akale amene anali nawo. Kalata iliyonse ya lejisitala imene anatha kuifufuza inafika kuno, tsiku lake linalembedwa, ndipo inasainidwa ndi mwini thumba. Inu a ku positi, ngati mulipo, mutikhululukire. Ntchito yanu munaigwira. Makalata anawoloka maiko atatu osasowa, n'kudzasowera pakati pa positi ndi msika, mtunda woti mwana amayenda osapuma.

Sitikuweruza munthu. Maliro si bwalo. Tingonena zimene maso aona. Dzanja limene linalemba mayankho aja likufanana ndi dzanja limene limalemba pa bolodi la pakhomo pa sitolo ina. Pakhonde la sitolo yomweyo pakhala makina apamanja kuyambira 1949, ndi telala wolembedwa ntchito. Mu Epulo Rebecca anapita kumeneko ndi kadilesi ka mwana wake kuti akasokedwe. Telala atalowa m'kati kukatenga ulusi, Rebecca anapendeketsa makinawo, n'kupisa dzanja kunsi kwa thabwa. Mizere itatu. Akuluakulu atakafunsa, anauzidwa kuti makinawo anagulidwa kwa Mmwenye ku Limbe, mizereyo ndi mano a makoswe, ndipo ophunzira a mishoni onse amalemba mofanana. Mwina ndi zoona. Koma makoswe a kumeneko amadziwa kuwerenga mpaka atatu. Ndipo miyezi inayi imene malemu anagona pamphasa, mlamu wawoyo sanaponde pakhomo kudzawazonda.

Malemu ankafuna kukasuma kubwalo, koma mpweya sunawalole kuyenda. Ankakhala pakhonde, chitini pamiyendo, kumuwerengera mkazi wawo makalata aja amene ankabwera m'dzina la mkaziyo. Ama Mariam ankangopukusa mutu pa mzere uliwonse. Pa 2 Julayi tinawanyamula kupita nawo kuchipatala cha paboma. Lachitatu, pa 9 Julayi 1958, cha m'ma 10 koloko m'mawa, anaitana mkazi wawo n'kuti, "Mariam, ndinkalemba." Ama Mariam anayankha kuti, "Ndaona, Ada." Malemu anatisiya pomwepo.

Amayi amene amuna anu ali kunja, mawu awa ndi anu. Mabanja okwana makumi awiri akulandirabe makalata m'thumba lomwelo. Mwamuna wa Rebecca, a Paston Chiumia, ali ku mgodi wa malasha ku Wankie, ndipo kuyambira Novembala kalata yawo sinaitanidwe pakhonde paja. Ena anali atayamba kale kunong'ona mawu aja amene munkanenera malemu. Kalaliki anamuuza Rebecca kuti munthu aliyense angathe kulandira kalata ku positi m'dzina lake, n'kuitenga ndi dzanja lake. Wosadziwa kusaina amadinda chala. Rebecca analemba yekha, Chitonga chake cha Sitandade 3, n'kuponya yekha m'bokosi. Yankho lafika pa sitima ya sabata yatha. A Paston akuti iyi ndi kalata yawo yachisanu ndi chimodzi, ndipo akufunsa ngati bulangete la mwana linamukwana. Bulangetelo sitinalione. Tsono musadikire zaka khumi ndi ziwiri monga tinachitira ife. Positi imatsegulidwa 8 koloko, ndipo benchi lilipo.

Malemu asiya mkazi wawo, Ama Mariam NyaMphande. Ana atatu, Rebecca, Millicent, ndi Susan, amene wawadziwa bambo ake miyezi inayi yokha. Ndi zidzukulu ziwiri. Tikuthokoza abusa ndi amayi a mpingo amene sanatope kutizonda, anamwino a kuchipatala, asodzi a ku Mwaya amene apereka matabwa a bokosi, ndi anyamata okumba manda. Tikuthokozanso kalaliki wa ku positi, amene anafumbula mabuku popanda kudandaula. Yewu, tawonga nonse.

Dzulo kuchokera kusitolo kuja kunabwera nsalu yoyera yokulungira malemu. Taibweza yosadula. Malemu avala malaya a mizere yabuluu, a nsalu ija anabwera nayo. Rebecca wawasoka ndi singano yapamanja, masiku asanu ndi anayi, ndipo msoko wake ndi wokhota pang'ono paphewa. Amene akusunga makina a mizere itatu akudziwa khomo la Ama Mariam. Awabweretse masana, anthu akuona, masiku a pasiwa asanathe. Akatha masikuwo, chitini chija chipita kubwalo.

Ada Thole, makalata anu sitinawaone, koma inu munafika. Simunali mtchona, ndipo mudzi wamva. Gonani tsopano, mzimu wanu uuse mumtendere.