Nsangu za pa dzala la mbuzi

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ndine Rozita wa ku Chingodzi. Kuima pamaso pa anthu sindidazolowere, mundipirire.

Bambo atamwalira, ine ndi amayi tidayamba kusunga mbuzi za eni ake. Ntchito yanga inali kusesa khola ndisanapite ku eskola kukaphunzira. Fungo lija sopo sankaliopsa. Linkalowa m'tsitsi, linkalowa m'malaya. Anzanga adanditcha Kambuzi. Ndikakhala pa benchi, malo ankatsala uku ndi uku.

Kuno ku tchalitchi achinyamata tidapangana kubwezera mitengo yakwathu m'chigwa cha kuseriku, momwe mudatsala miyala ndi fumbi. Mana Lusiya, mtsogoleri wathu, adati tikabzala nsangu, njuchi ndi njiwa zidzabwerera. Tidafesa njere m'matumba. Tidathirira, tidathirira. Zidamera zowerengeka. Ena adayamba kunena kuti tingosiya.

Abale, ine ndinkadziwa. Mbuzi zikadya makoko a nsangu, njere zimatuluka m'ndowe zitafewa, ndipo mvula ikagwa zimamera pa dzala pathu ngati udzu. Koma kunena zimenezo kunali kuvomera dzina lija pamaso pa onse. Ndidaleka kubwera. Ndinkapemphera kuti wina azindikire yekha.

Tsiku lina amayi adandipeza ndikulira kuseri kwa khola. Ndidawauza zonse.

"Ndiye ukuchita manyazi ndi chimene chikukudyetsa?" adatero. "Tenga beseni."

Loweruka ndidasenza beseni la ndowe, timitengo tili pamwamba. Njira yonse maso anali pansi. Nditatula pamaso pa achinyamata anzanga, Zeka, woimba ng'oma uja, adagwira mphuno.

"Kambuzi watibweretsera ndiwo."

Adaseka, abale. Adaseka onse. Ndidalakalaka nthaka itatseguka.

Mana Lusiya sadaseke. Adagwada, adapisa dzanja m'ndowemo, adanyamula kamtengo kamodzi ndi mizu yake.

"Zatsala zambiri, Rozita?"

"Dzala lonse, mana."

"Zeka, ndiwo zimenezi ukasenza ndiwe."

Lero timitengo tija tandifika m'chiuno. Tidatchinga ndi minga kuti mbuzi zomwezo zisadye. Njuchi sizinabwere, koma njiwa zayamba kutera pampanda.

Manyazi sadathe onse. Dzina lijanso silidathe. Koma Loweruka lililonse anzanga amabwera kwathu ndi mabeseni, ndipo Lamulungu pa benchi timakhala mothinana.

Ndikuthokoza Mulungu amene sadanyansidwe nane. Zikomo amayi. Ameni.