Nyanja Imene Sinazizire mu Ogasiti

Malemu Egya Kwamena Essilfie anabadwa pa 3 Malichi 1951 konkuno ku Sekondi, tsiku Loweruka monga dzina lawo likunenera, m'banja la asodzi. Anaphunzira pasukulu ya mpingo wathu, koma analekezera panjira mu 1967 bambo awo atamwalira. Ndanena dala zimenezi, chifukwa pamaliro pano pali anthu a madigiri awiriawiri, ndipo tifika kwa iwo.

Mu 1974 malemu analembedwa ntchito ku ofesi yofufuza za nyanja. Ntchito yawo inali iyi: tsiku lililonse 7 koloko m'mawa kupita kumapeto kwa mlatho wa padoko, kuponya ndowa, kuyeza kutentha kwa madzi ndi mchere wake, kuwerenga pachipilala pamene nyanja yalekezera, n'kulemba m'kope. Ngakhale Lachiwiri, tsiku limene mwambo wathu sulola bwato kukhudza madzi, iwo ankapita. Ena mwa inu munkawatcha Kwamena Wandowa, ati munthu wamkulu wosewera ndi madzi. Musaweramitse mitu, tinkakumvani.

Pa 9 Disembala 1978 anamanga banja ndi Maame Ekuwa Bentsil, amene amawamba nsomba kugombe. Tsiku la ukwatilo mkwati anafika kutchalitchi thalauzi litanyowa mpaka m'maondo. Maame anadziwiratu pomwepo kuti akwatiwa pamitala ndi nyanja, ndipo anapirira pafupifupi zaka 45.

Mu 1998 ofesi inabweretsa makina ochokera kunja oti aziyeza okha. Kunali zolankhula, kunali zithunzi, ndipo malemu anauzidwa kuti nthawi ya ndowa yatha. Pasanathe zaka ziwiri mchere ndi nkhono zinali zitadya makinawo, wowakonza osaoneka. Mwamwayi malemu sanamvere, ankangoyezabe. Mu 2011 anapuma pantchito, koma mawa lake 7 koloko anali pamlatho.

Manambala a m'makope amenewo ndi amene akatswiri akunja anagwiritsa ntchito posonyeza kuti nyanja yathu ikutentha chaka ndi chaka. Mabwana anakwera nawo ndege kupita kumisonkhano, n'kubwerako atanenepa. Dzina la malemu sitinalionepo paliponse, ngakhale mwa tizilembo ta m'munsi. Iwo sanadandaule. Ife ndi amene tikudandaula, ndipo zikutinyansa.

Mu Juni 2023 malemu anadwala impso n'kugonekedwa m'chipatala. Ofesi inasankha maofesala awiri ophunzira kwambiri kuti aziyeza m'malo mwawo. Asodzi muli panonu ndinu mboni: akuluakuluwo ankaimika galimoto pansi pa mtengo, kugula dokono, nsima yathu ija, ndi nsomba yokazinga, kudya, kupukuta m'manja, n'kulemba. Nsapato zawo sizinakhudze madzi ngakhale tsiku limodzi.

Kumapeto kwa Seputembala malemu anapempha mwana wawo wamkulu, Esi Panyin, kuti awabweretsere mapepala a maofesala aja awaone. Anapeza kutentha kwa madigiri 28 Lolemba, 28 Lachiwiri, 28 mwezi wonse wa Ogasiti. Koma abale, Ogasiti. Mwezi umene madzi ozizira amakwera kuchokera pansi n'kubweretsa nsomba, umene msodzi amavala juzi m'bwato, umene Maame Ekuwa amasowa nthawi yokhala pansi. Mayi aliyense wowamba nsomba akudziwa zimenezi, koma a madigiri anaphonya. Kunama nakonso kumafuna nzeru.

Malemu analira. Singano sizinawalize, koma mapepala amenewo anawaliza. Anauza Esi kuti pa zaka 49 asanagonekedwe m'chipatala anajomba masiku khumi ndi limodzi okha, ndipo lililonse analisiya lopanda nambala, n'kulemba chifukwa chake pambali. Anati tsiku lopanda kanthu munthu amalilumpha, koma nambala ya m'mutu imasocheretsa amene adzawerenge zaka makumi asanu kutsogoloku. Anatisiya pa 2 Okutobala 2023 m'mawa.

Sabata yatha ofesi inatilembera kalata. Ati ikufuna makope onse a malemu kuti iwasindikize m'buku limodzi, dzina lawo pachikuto, pamodzi ndi miyezi inayi ija kuti pasakhale mpata. Eti umenewo ndiye ulemu. Moyo wonse munawabisa dzina, lero mukufuna kulimata pabodza lanu. Bwana mkulu, mwakhala kutsogoloku ndi nkhata yaikulu kuposa zonse. Nkhatayo talandira. Yankho la banja ndi ili: makope ali m'bokosi la Maame Ekuwa, kiyi ali m'chiuno mwawo, ndipo satuluka mpaka manambala a pansi pa mtengo atafufutidwa. Pa miyezi imeneyo mulembepo zoona, kuti Egya Kwamena ankadwala ndipo ofesi yonse inalibe munthu woti n'kuponya ndowa.

Malemu asiya mkazi, Maame Ekuwa, ana asanu, Esi Panyin, Esi Kakra, Kobina, Araba ndi Fiifi, adzukulu khumi ndi anayi, ndi mchemwali wawo Maame Adjoa. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, mpingo, amayi a kugombe amene aphika, ndi asodzi amene anyamula bokosi. A ofesi, tidzakuthokozani mukafufuta.

Egya Kwamena, bodza limeneli silikutsatirani kumanda ife tili moyo. Mzimu wanu uuse mumtendere.