Tsiku la katemera limene mnzanga anasuntha

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse amene mumawerenga zomwe ndimalemba pano. Ndinali zii kwa miyezi ingapo, moti ena munayamba kufunsa ngati ndikudwala. Sindinkadwala ayi, abale anga. Ndinachotsedwa ntchito pa mlandu umene sindinapalamule, ndipo amene anandikumbira dzenjelo ndi munthu yemwe ndinkadya naye m'mbale imodzi. Lero ndabwera kudzachitira umboni, koma mundipirire, chifukwa mtima ukuwawabe.

Ndimagwira ntchito pa famu ya nkhuku kuseri kwa Chinsapo, njira yopita ku Likuni. Udindo wanga ndi kuonetsetsa kuti chilichonse chachitika pa tsiku lake, makamaka katemera. Ntchito zonse timazilemba mu fayilo imodzi ya mawu okhaokha, iliyonse pa mzere wake, ndipo fayiloyo imatsekuka pa kompyuta ya mu ofesi ndi pa mafoni athu. Kumapeto kwa mzere timalemba tsiku loyambira ndi tsiku lomalizira. Pulogalamu yake imabisa ntchito mpaka tsiku loyambira litakwana, kuti m'mawa munthu uziona za lero zokha, osati chimulu cha mwezi wonse. Ndine ndinabweretsa kachitidwe kameneka ndipo ndinkanyadira nako. Katemera ndinkamuika kuti aziwonekera kutatsala masiku atatu, kuti dalaivala wathu, Abambo Mhango, apeze mpata wokamugula m'tauni.

Eluby anali mnzanga wa m'kwaya. Atasowa pogwira, ndinapita ndekha kwa abwana kukamuchonderera, ndipo anamulemba kuti azindithandiza mu ofesi. Ndinamuphunzitsa mzere ndi mzere ngati mng'ono wanga. Iye ankanditcha asisi, ana anga ankamutcha anti.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Mayi anga anadwala mwadzidzidzi kumudzi ku Dowa, kumene netiweki timachita kuikwerera pa chulu. Ndisananyamuke ndinaunika mizere yonse, kuphatikizapo katemera wa chitopa wa khola lachitatu, yemwe ankayenera kuwonekera sabata yomweyo. Ndinasiya kompyuta m'manja mwa Eluby n'kupita. Nditabwerako ndinamufunsa za katemerayo, iye n'kundiyankha akumwetulira kuti, "Asisi, chilichonse chimene chinatuluka pa mndandanda tinachita." Ntchito yomalizidwa nayonso imachoka pa mndandanda, ndiye posaiona ndinangoti yachitika.

Pasanathe masabata awiri nkhuku zinayamba kuodzera. Zina zinapindika makosi, zina zinkangogwa pomwe zaima. Mayo ine! Tinkazitulutsa pa wilibala, ulendo ndi ulendo, mpaka khola lonse linatsala utuchi wokha. Abwana anatsekula fayilo n'kuuza pulogalamu kuti ionetse ngakhale zobisika. Mzere wa katemera unali pomwepo, sunachitidwe, ndipo tsiku lake loyambira linali la mwezi wotsatira. Anandilozera ndi chala pa kompyuta n'kunena kuti, "Amayi, masiku amalemba ndinu. Munthu angayambe bwanji ntchito tsiku lomalizira litadutsa kale?" Tsiku lomwelo ndinapereka makiyi, ndipo mpando wanga anapatsa Eluby.

Chimene chimandiotcha mpaka lero si kuchotsedwako ayi. Ndi chakuti Eluby anabwera kwathu Loweruka lake atanyamula shuga ndi buledi, anandikumbatira, analira nane, kenako anandigwira manja onse awiri n'kupemphera kuti Mulungu aulule chobisika. Abale, munthu! Ine ndinkayankha ameni ndi mtima wonse.

Masiku otsatirawo anali olemera. Ku kwaya ndinasiya, chifukwa anthu ankanong'onezana kuti ndinapha nkhuku za eni ake ndi nzeru za pa kompyuta. Bambo a kunyumba ankayesa kundilimbikitsa koma ndinkawakalipira popanda chifukwa. Choipitsitsa n'chakuti ndinayamba kukhulupirira kuti ndinalakwitsadi ndine, kuti mwina maganizo a matenda a mayi anandisokoneza chala. Pemphero langa linafupika mpaka linangotsala mawu ochepa: Ambuye, ngati ndi ine ndionetseni ndilape, ngati si ine lankhulani Inu.

Yankho linabwera Lamlungu lina masana, litavala jekete la ku tchalitchi. Anali Abambo Mhango, munthu wa kumpoto wosalankhulalankhula, yemwe pa zaka zonsezo sitinachezepo zoposa moni ndi za mafuta a galimoto. Anatulutsa kafoni kosweka galasi n'kunena kuti, "Amama, taonani apa." Foni imeneyo anasiya kuigwiritsa ntchito tsiku lomwe ine ndinanyamuka, atagula ina, ndipo inangokhala m'kabati yopanda bandulo. M'mawa umenewo ankafuna kufufuta zonse kuti aipereke kwa akazi awo, koma anayamba atsekula fayilo yathu. Poti ndi mawu okhaokha, inatsekuka popanda intaneti, ili momwe ndinaisiyira. Mzere wa katemera unali ndi tsiku lolondola. Ndinakhala pansi pa khonde.

Lolemba tinapita tonse kwa abwana. Iwo anaitana munthu amene anatilumikizira makompyuta, ndipo anationetsa kuti malo osungira fayiloyo amasunganso makope ake akale. Anaika makope awiri pambali. Kusiyana kwake kunali nambala imodzi yokha, ya mwezi. Inasinthidwa pa kompyuta ya mu ofesi, Lachitatu m'mawa, ine ndili ku Dowa kusambitsa mayi anga.

Eluby sanakane nthawi yaitali. Anati sankafuna kuti nkhuku zife. Ankafuna kuti pa tsiku lomalizira athamangire kwa abwana kukawakumbutsa, aoneke kuti wapulumutsa khola limene ine ndinaliiwala. Koma ntchito itabisika pa mndandanda inabisikanso kwa iye mwini, ndipo anaiwala; pamene ndinkamufunsa n'kuti tsikulo litadutsa kale, ndiye anaopa kuulula. Choipa chitsata mwini, akuluakulu sananame. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Asisi, satana anandinyenga." Ndinamuyankha kuti satana sadziwa nambala yachinsinsi ya kompyuta yathu, ndinakupatsa ndine.

Abwana anapepesa pamaso pa antchito onse ndipo anandibwezera makiyi. Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga umboni wanga m'kafoni kotayidwa, ndiponso anatuma munthu yemwe sindinkamuwerengera. Tsopano Lolemba lililonse ndimatsekula zobisika zonse n'kuwerenga tsiku loyambira la mzere uliwonse, ndipo masiku a katemera ndimawalembanso ndi choko pa chitseko cha khola.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse zatha. Abusa atandiuza za kukhululuka, ndinalemba mzere mu fayilo yangayanga: kukhululukira Eluby. Ndinauikira tsiku loyambira la mwezi wotsatira. Litakwana ndinalisuntha, litakwananso ndinalisunthanso. Ulendo wachitatu chala chili pa nambala ya mwezi, ndinazindikira kuti ndikuchita ndendende zimene iye anachita, ndipo ndinachita manyazi. Ndinafufuta tsiku loyambiralo. Tsopano mzerewo umakhala pamwamba m'mawa uliwonse, ndimauona ndisanaone china chilichonse. Sindinauchongebe, mundipempherere.

Inu amene mukunamiziridwa, amene wakuperekani ndi wapamtima, musasiye kupemphera ngakhale pemphero litatsala mzere umodzi. Munthu angathe kubisa chinthu pa mndandanda, koma kwa Mulungu palibe chobisika, ndipo tsiku limene Iye analemba palibe chala chingalisunthe. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.