Nsambo Zinayi Zimene Ndinaphika pa Mbaula

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse amene mukuwerenga mawu angawa. Ena mumandidziwa kuti ndine mayi uja wosoka zovala pa msika wa Mitundu, amene Lamulungu amaimba gitala ya besi m'kwaya. Chimene ambiri simukudziwa n'chakuti chaka chatha ndinatchedwa mfiti, ndipo kunangotsala pang'ono kuti gitala imeneyo itenthedwe anthu akuonerera. Ndakhala chete nthawi yaitali chifukwa ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umandiwawabe, koma lero ndati ndinene zimene Mulungu anandichitira.

Gitalayi inali ya malemu amuna anga. Anali mphunzitsi, sanali woimba wa bandi, ankangoikonda basi. Anaigula yakale ku Lilongwe, yosupukasupuka penti, ndipo nditawaseka anandiuza kuti besi sasankhira kuwala, umaona ngati khosi lake lili lowongoka. Ndiwo anandiphunzitsa kuimba, mpaka zala zanga zozolowera singano zinatuluka matuza. Anandiphunzitsanso kuisamala: kupukuta nsambo ndi kansalu kouma ukamaliza, osaitsamiritsa pakhoma lachinyezi, osaisiya padzuwa. Atamwalira, abale awo anatenga njinga, wailesi ndi mipando. Gitala anaisiya chifukwa sanaione ntchito, ndipo ine ndinathokoza chamumtima.

Pali chinthu china chimene anandiphunzitsa, ndipo n'chimene chinandibweretsera tsoka. Nsambo za besi zilipo zinayi, zonenepa, zokulungidwa ndi kawaya kang'onong'ono. Thukuta ndi litsiro la m'zala zimalowa m'timipata ta kawayako, kenako mawu amafa, gitala n'kumalira ngati ukumenya ndowa yodzaza madzi. Zatsopano n'zodula, ndipo kuno kwathu sizipezeka. Ndiye umazimasula, n'kuziwiritsa m'madzi kwa kanthawi, n'kuziumitsa bwinobwino, mawu amabwerera. Amuna anga ankachitira zimenezi m'khitchini ya nyumba ya kusukulu, palibe ankaona. Koma ine tsopano ndimachita lendi kanyumba kakuseri pa bwalo la a Mbewe, ndipo mbaula yanga imakhala panja.

Linali Lachitatu masana, mwezi wozizira. Nsambo zili gadugadu m'poto, mayi Mbewe, akazi a eni nyumba, anabwera kudzapala moto. Anasuzumira m'potomo nandifunsa kuti ndikuphika chiyani. Ine pakamwa panga pano ndi pamene pamandipalamulira. M'malo mofotokoza, ndinaseka n'kunena kuti, "Ndi ndiwo za mawa izi, amayi, ndikugawirani." Iwo sanaseke. Anapala moto wawo napita akucheukacheuka. Madzi a m'potomo, atada bii, ndinakawathira m'mbali mwa kanjira kopita kubafa, nsambo n'kuziyanika pachingwe, kuyambira yonenepa mpaka yowonda.

Kutacha m'mawa a Mbewe anagwa akupita kukasamba. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa n'kupotoka. Kuchipatala ananena kuti ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo pabwalo tonse tinkadziwa kuti mankhwala awo anasiya kumwa kalekale. Koma pofika Lamulungu nkhani inali itasintha. Ankati nsambo zinayi zija zinali anthu anayi a m'nyumba ya a Mbewe: yonenepa ndi bambo, yotsatira ndi mayi, ziwiri zowonda ndi ana awo. Ankati bamboyo anaponda madzi anga, ndipo sabata yamawa agwa ndi mayi. Ena anafika ponena kuti ngakhale amuna anga anapita m'njira yomweyo. Abale anga, mawu amenewo anandilasa kuposa onse.

Pamsika anthu anayamba kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Amayi amene ndinkaseka nawo tsiku ndi tsiku ankandipatsa moni maso ali kwina. Ndipo ndisabise, inenso ndinayamba kukayikira aliyense. Telala wa benchi loyandikana ndi langa akatsokomola ndinkati akundinena. Wina akandimwetulira ndinkati watumidwa kudzandifufuza. Ngakhale anzanga a m'kwaya ndinkawawerenga mmodzimmodzi kuti kodi wayambitsa izi ndi ndani, mwina ndi uja ankafuna kuti besi aziimba mwamuna. Ndinkapemphera, koma pemphero langa linali lodzaza ndi maina a anthu amene ndinkawaganizira.

A Mbewe atatuluka m'chipatala, kunabwera a Kamwendo, mkulu wa mpingo wathu. Sanalowe m'nyumba, anaima pakhomo chipewa chili kumanja. Anati Loweruka m'mawa kukhala kukumana pabwalo pompo, ndibweretse gitala ija aipempherere kenako aitenthe, kuti mitima ya anthu ikhale pansi. Ndikakana, eni nyumba akufuna ndisamuke tsiku lomwelo. Anawonjeza kuti iwo sakuti ndine mfiti ayi, koma mtendere ndi wofunika kuposa thabwa la mawaya. Thabwa la mawaya! Ndinawayang'ana mpaka anagwetsa nkhope. Ndinkadziwa kuti ndikaipereka ndiye kuti ndavomera, ndipo dzina limenelo ndifa nalo. Ndikaikaniza, ndipita kuti ndi makina anga, poti mbiri inali itafika kale paliponse?

Lachisanu ndinaikulunga gitala ija m'zitenje ziwiri, n'kukwera njinga yamoto ya kabaza kupita ku Nathenje kwa akulu anga, kuti andisungire mpaka zinthu zitazizira. Ndinapeza mbiri yanga itafika kale pa foni. Akulu anga anandilandirira pampanda, misozi ili lengelenge, nati alamu akana, m'nyumba muli ana. Mwana wa mayi anga enieni, amene tinayamwa bere limodzi! Ndinatembenuka. Ndinayenda mpaka kumsewu waukulu, ndinakhala pansi pafupi ndi poimira maminibasi, gitala ili pamiyendo ngati mwana wodwala. Apo ndi pamene ndinapemphera pemphero lopanda dzina la munthu aliyense. Ndinangoti, Ambuye, ine nzeru zandithera, onani nokha.

Cha pambali panga panali kachisakasa ka womata matayala, bambo wachikulire wa imvi, ovolosi yake ili bii ndi oyilo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kufumbata chikwama changa. Kenako anayandikira nandifunsa mwaulemu ngati chokulungacho chili besi, chifukwa gitala wamba sitalika choncho. Mtima wanga unati, wakuba uyu. Ndinangogwedeza mutu. Anati dzina lawo ndi a Lufeyo, ndipo unyamata wawo wonse anautha akuimba besi m'maukwati ndi m'maholo. Anapempha kuti aione. Sindikudziwa chimene chinamasula manja anga, koma ndinaifundukula. Anapukuta zala zawo paovolosi, anaika khutu pathupi la gitala, nakhudza nsambo yonenepa ija. Anamwetulira nati, "Amayi, nsambozi mwaziphika posachedwapa eti? Zikumveka."

Ndinalira mokweza pamsewu pompo, ogulitsa tomato mpaka anatembenuka. Masiku onse aja ndinkafuna munthu mmodzi yekha wodziwa kuti nsambo zimaphikidwa. Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera osandidula, kenako anati ndiwasiyire gitalayo, abwera nayo okha ku Mitundu mawa m'mawa. Apa mtima unabwereranso kwakale. Munthu ndamuona lero lomwe, foni akuti inawonongeka, kwawo sindikudziwa. Nanga akakaigulitsa ku Lilongwe? Nanga ngati watumidwa kuti andilande mochenjera? Koma kubwerera nayo kunyumba kunali kukaipereka kumoto. Ndinaisiya. Njira yonse yobwerera ndinkadzitukwana kuti ndine chitsiru, ndathawa mvula n'kugwera mumtsinje.

Loweruka anthu anadzaza pabwalo, ena anakwera pampanda. A Mbewe anawakhazika pampando pakhonde, atawafunditsa bulangeti. Pakati pa bwalo panali mtolo wa nkhuni, mayi Mbewe atauunjika okha. A Kamwendo anatsegula ndi pemphero, kenako anandifunsa kuti gitala ili kuti. Nditanena kuti ikubwera ndi munthu wa ku Nathenje, anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anakuwa kuti wakaibisa kwa sing'anga wake. Dzuwa linakwera, a Lufeyo osaoneka. Ndinkayang'ana kumsewu mpaka maso kuwawa, ndipo mumtima ndinali nditawaweruza kale kuti andibera. A Kamwendo anali atayamba kunena kuti popeza ndabisa chinthucho, palibenso zokambirana, ndilongedze katundu. Mawuwo asanathe, njinga yamoto inaima pachipata. Anatsika a Lufeyo, atavala jekete lakale, gitala ili kumsana. Anapepesa kuti njinga inaphwa tayala panjira, ndipo anamata okha.

Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo tsiku limenelo ndinaona ndi maso anga. A Lufeyo sanakangane ndi munthu. Anafotokoza kuti achotsa nsambo zanga n'kuikapo zawo zakale, zimene zinakhala m'bokosi zaka zambiri. Anandiuza kuti nditulutse kasipika kanga ndi batire. Ataimba, mawu anatuluka ofooka, akuti du du du, ana mpaka anaseka. Kenako anazimasula zonse zinayi, anazipinda, napita nazo kwa mayi Mbewe. Anati, "Amayi, phikani izi ndinu. Poto wanu, madzi anu, moto wanu. Ngati ndi mankhwala, nsambozi ndi zanga, wogwa ndikhale ine."

Mayi Mbewe anabweza manja kumbuyo. Ndiye a Mbewe, amene chibwerereni kuchipatala sankamveka bwino polankhula, anamenya mpando ndi dzanja lawo lamanzere, naloza mbaula. Akazi awo anazilandira nsambozo ndi nsonga za zala ngati akugwira njoka. Madzi atawira anada bii, chimodzimodzi anga aja. A Lufeyo anadikira kuti azizire, ananyika chala, nanyambita anthu onse akuona. Anati umenewu ndi mchere wa thukuta lawo, la maukwati a anthu amene pano ali ndi zidzukulu. Amayi ena anagwira pakamwa, ena anaphulika kuseka. Nsambo zinapukutidwa, zinayanikidwa padzuwa, ndipo palibe anachoka. A Lufeyo atazibwezera pagitala n'kuchuna, anakhudza kamodzi kokha, mawu anatuluka akuthwa, oyera, mpaka malata a pakhonde ananjenjemera.

Anandipatsa gitalayo kuti ndiimbe ndine. Mzere woyamba ndinaulakwitsa, koma ndinaimba nyimbo ya chitamando imene timatsekera mapemphero, ndipo amayi awiri atatu a m'kwaya anayamba kuitsatira chapansipansi. A Kamwendo anafunsa eni nyumba kuti nanga tsopano zikhale bwanji. Mayi Mbewe anawerama, anamanga mtolo wa nkhuni uja, naunyamula kupita nawo kukhitchini kwawo. Anthu anayamba kumwazikana mmodzimmodzi.

Ndikuwaperekeza a Lufeyo ndinawaululira kuti katatu konse ndinawayesa wakuba. Anaseka nati akanakhala iwo akanaganizanso chimodzimodzi, ndipo anakana kulandira ngakhale ndalama ya njinga. Ine amene ndinkalira kuti anthu akundiganizira zoipa popanda umboni, ndinali nditachitira zomwezo munthu amene Mulungu ananditumizira. Manyazi amenewo ndikadali nawo.

Sindikunamizani kuti zonse zinatha tsiku limenelo. Alipo amene mpaka lero sabweretsa nsalu kwa ine, ndipo ena akuti nkhalamba ija inali mnzanga wa ntchito ya ufiti. Mayi Mbewe anatha milungu itatu osandipatsa moni. Kenako tsiku lina m'mawa ndinawaona ataima pa benchi langa kumsika, atanyamula mathalauza atatu a amuna awo. Sanandiyang'ane kumaso. Anangoti, "Mundichotsereko mabatani awa muike lasitiki, bambo sakutha kumanga ndi dzanja limodzi." Ndinali nditakonza mawu ambiri owauza tsiku limene adzabwere, mawu owawa ndithu. Onse anandithawa. Ndinawakokera mpando, ndinalowetsa ulusi, ndipo anakhala pambali panga mpaka ndinamaliza thalauza lachitatu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandimva nditakhala m'fumbi la pa Nathenje, n'kunditumizira thandizo lovala ovolosi ya oyilo. Inu amene mukunenedwa zimene simunachite, musavomere bodza kuti mugule mtendere, komanso musalole kuti mtima wanu uyambe kuona mdani mwa aliyense ngati mmene unachitira wanga. Pirirani, pempherani, mboni yanu Mulungu akuidziwa ngakhale inu simunaionepo. Ndipo mukamapemphera muwakumbukire a Mbewe. Mwendo wayamba kuponda, koma mkono sunabwerere.