Anamuponya m'nyanja kuti mantha athe

Ndiwerengereni kalatayi pa wailesi, ngakhale ikundinyansa ine mwini wake.

Ndimachapa zovala pa loji ina ku Senga Bay. Mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi wamantha kwambiri. Amaopa belu la kusukulu, alendo, makamaka madzi, ndipo mantha akamugwira amasanza.

Mchimwene wanga, msodzi wa ku Mbenji, anati, "Achemwali, mwana wa kunyanja saopa madzi. Mankhwala ake n'kumuponyamo basi." Anamunyamula akukuwa n'kumuponya pakuya. Anthu pagombe anafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka.

Chichokereni tsikulo mwanayo anasiya kundiyankhula. Namwino wina anatitumiza kwa mayi wothandiza ana ovutika maganizo, ndipo iwo anati tizibwera tonse awiri tsiku lililonse kwa milungu iwiri. Ndinanyinyirika. "Amayi, wodwala ndi mwanayu, osati ine."

Tsiku lachitatu anamupatsa pepala kuti ajambule chimene chimamuopsa koposa. Ndinkayembekeza kuona mafunde. Koma anajambula mzimayi ataima pamchenga, kukamwa kuli yasa, mano onse pamtunda. Chitenje chake chinali cha maluwa ofiira, changa chomwe ndinavala tsiku lija.

Ndinatuluka panja.

Pano tikuphunzira limodzi kupuma pang'onopang'ono mantha akabwera, ndipo wayamba kundigwira dzanja. Mchimwene wanga akudzitamabe kuti anamuchiza.

Makolo anzanga, mwana akamalira ndi mantha amayang'ana nkhope yanu. Wanga anayang'ana yanga akumwa madzi, ndipo anaona mano.