Mwana wanga sanagwidwe ndi fisi

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Mundikhululukire, sindinaimepo pamaso pa anthu chibadwire. Ndikufuna kuchitira umboni. Ndikudziwa kuti zimene ndinene pano zikafika kunyumba ine ndisanafike, pakuti amithenga ndikuwaona, ali kumbuyoko pafupi ndi khomo. Zipite. Mukazinene bwinobwino, musachotseko kanthu.

Ine ndine make Esinati, ndinabwera chitengwa kuno kunyanja kuchokera ku Chitala. Mukudziwa kuti mvula itangoyamba tinaika mwana wanga wamwamuna, uja anali atangoyamba kuyenda. Chikuku. Ena a inu munabwera kudzaimba, Mulungu akudalitseni. Koma ine ndili m'nyumba ya maliro ndikulira, kunja Esinati, mlongo wa malemuyo, anafunsa kuti, "Mwana wapita kuti?" Apongozi anga anamuyankha monga ayankhidwira ana onse kuno: "Wagwidwa ndi fisi."

Musaweramitse mitu, amayi. Mawu amenewa tonse timawadziwa, ndipo ena muno munamubwerezera mwana wanga kuchitsime, Akhristu obatizidwa.

Kuyambira pamenepo Esinati sanakhalenso Esinati. Mwana amene ankathamangira yekha kugombe kukachingamira bwato la bambo ake anayamba kugwira nsalu yanga paliponse, kuchitsime, kumtondo, ngakhale kuseri. Galu akangodutsa, kukuwa. Nsomba anakana, ati fisi amva fungo. Manja anaonda, nthiti zinayamba kuwerengeka, ine ndikuona ndi maso angawa. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Amayi, pamene fisi ankamutenga mwana, inu munali kuti?" Abale anga, inu munali kuti! Ndinamuuza kuti kulibe fisi. Iye anati, "Agogo anati fisi. Ngati si fisi, ali kuti nanga?" Ndinasowa pomulozera.

Tsono Pasaka anayandikira, ndipo ndinakumbukira kwathu. Bambo anga si m'busa, ndi mlimi wa chimanga chabe, koma m'mawa wa Pasaka aliyense ankatitenga ana tonse kupita kumanda kumene kunagona abale athu. Tinkazula udzu, kusesa, kenaka iwo ankaima pamutu pa manda n'kutifunsa, "Muli chiyani muno?" Ife: "Muli thupi." "Nanga mwini wake?" "Ali ndi Yesu." "Adzatuluka?" "Adzatuluka, pakuti Yesu anatuluka." Basi, n'kubwerera kunyumba kukadya. Sukulu ndinaphunzira pang'ono, zambiri ndaiwala, koma Pasaka sindinamuphunzire pasileti. Ndinamuphunzira ndi tsache m'manja.

Loweruka ndinagwada pakhonde pa apongozi n'kuwauza kuti mawa ndikamuonetsa mwana pamene pagona mlongo wake. Anaika pansi usipa umene ankasankha.

"Inu make Esinati, mutu ukuyenda bwino? Mwana kumanda? Ngakhale wamkulu salowa m'nkhalango muja osauza eni ake. Mwana wanga ali pamadzi, mukufuna bwato limutembenukire?"

Ndinati, "Mayi, mwanayu akutha."

"Aiwala. Tonse tinauzidwa za fisi, tinakula. Koma mukangolowa naye, njira ya ku Chitala mukuidziwa."

Bambo a Esinati anali atawolokera ku Mbenji kukapha nsomba, ndipo mukudziwa kuti mkazi saponda pachilumba paja. Wowafunsa ndinalibe. Ndinaopa, abusa, sindinama. Banja ndikulifuna, mwamuna wanga ndi munthu wabwino. Ndinaopa kubwerera kwathu ndi mtanga pamutu, ndinaopa eni manda, ndinaopa mphepo ya mwera. Koma ndinayang'ana mwana atapinda miyendo kuseri kwa chitseko, ndinati m'mtima, waika mmodzi, ukufuna kuikanso wina chifukwa cha ulemu?

Lamulungu ndinadikira dzuwa lituluke bwinobwino. Ndinamubereka kumbuyo ngakhale ndi wamkulu, tsache m'manja, ndinadutsa pakati pa mudzi, pamathandala pamene amayi amayanika nsomba, ndikuimba nyimbo ya kuuka kwa Ambuye. Mawu ankatuluka opotoka, koma ndinkaimba. Wina anafuula, "Taonani mfiti ikupita kumanda!" Ndinatembenuka, ndinati, "Mfiti imapita usiku, ili chete, ili maliseche. Ine ndavala, kwacha, ndipo ndikuimba!" Amene munanena mawuwo muli muno, sindikutchulani.

Apongozi ananditsatira mpaka pamene mitengo iyambira. Pamenepo anaima, akuitana, "Bwererani! Bwererani naye!" Kambalame kakangouluka, mtima phaa! Mwana anabisa nkhope pamsana panga, zikhadabo zake zili m'khosi mwangamu. Ndinalowa.

Manda aja anali atamera udzu. Ndinamutsitsa, anakana kutsegula maso. Ndinayamba kuzula udzu ndekha, ndikulira. Kenaka ndinangomva, "Amayi, chikho cha mwana ichi!" Kanali kachikho kake komwera phala, kamene anakaika pamandapo tsiku la maliro. Anakagwira, anakayang'ana. Anazungulira mtumbira wonse maso ali pansi, kufuna mapazi a fisi.

"Fisi ndiye anamukwirira?"

Ndinati, "Fisi sakwirira, mwanawe. Fisi saika chikho. Anamuika ndi amalume ako ndi anthu a mpingo, anamufunditsa nsalu yanga yatsopano ija, tikuimba. Anadwala, anamwalira. Yesunso anamwalira, anamuika m'manda, amake akulira monga ine. Tsiku ngati lalero anatuluka wamoyo."

Tsono ndinaima pamutu pa manda monga bambo anga, ndinamuphunzitsa mayankho aja. Muli chiyani muno? Muli thupi. Nanga mwini wake? Ali ndi Yesu. Adzatuluka? Apa iye anati, "Akadzatuluka adzafuna chikho chake." Anakapukuta ndi dilesi lake, anakabwezera pamalo pake mosamala. Atatero anatembenukira kumitengo kuja n'kufuula ndi mawu amene sindinawamve chiyambire maliro: "Agogo! Si fisi ayi! Bwerani mudzaone, ali pano!"

Sanabwere. Koma anamva, ndipo mudzi wonse unamva.

Titafika kunyumba ndinapeza katundu wanga atamangidwa, ali pakhonde. Ndinamasula mtolowo, ndinatulutsa mphika, ndinasonkha moto. Ndinaotcha chambo. Esinati anadya, anadya mpaka mutu, anapempha china. Abale anga, anapempha china!

Musaganize kuti nkhani yatha. Apongozi sakundilankhula, eni manda akuti ndili ndi mlandu, ndipo onse akudikira bambo a Esinati abwere kuchokera ku Mbenji. Mwera ukaomba ndimathamangira kugombe mtima uli m'mwamba, pakuti chikachitika chilichonse pamadzipo adzaloza ine. Kaya mwezi wamawa ndidzakhala pabenchi iyi, kaya ku Chitala, sindikudziwa. Koma amithenga inu, mukanene izi: kulikonse kumene ndidzakhale, Pasaka akadzafika ndidzabwera ndi tsache, ndi mwana, ndipo tidzalowanso. Ana amene Mulungu adzandipatse ndidzawatenga onse. M'nyumba mwanga imfa tidzaitchula dzina lake, pakuti Ambuye anaigonjetsa, ndipo chogonjetsedwa sitichibisa.

Ndikuthokoza Mulungu amene analimbitsa mawondo anga. Ndikuthokoza Yesu amene sanakhalitse m'manda. Mukufuna kumuona Esinati? Pano palibe, suzumirani pazenerapo. Uyo ali pansi pa mtengo wa mtondo, yekha, akuthamangitsa galu ndi kamtengo. Kondwerani nane, abale anga! Amayi, mwangokhala chete bwanji? Nthungululu ikamveke mpaka kugombe!